Makalata a Amayi a Mzere Umodzi

9 Januwale

Mzime,

Uli bwanji kumeneko, nanga amayi? Ine ndilipo. Kuno kukutentha, ndipo ntchito ndi yomwe ija: nsalu za pabedi za mu hotelo zimalowa zakuda, zimatuluka zoyera, ine n'kupinda. Undiuze ngati denga la kukhitchini unalikonza, usangoti "zili bwino" ngati mmene umachitira pafoni.

Bokosi limene akupatse a dalaivala a lole muli laputopu. Usayambe kumwetulira, si yako, ndi ya amayi. Makutu awo aja anatseka, pafoni timangokuwizana, ndipo dzanja likunjenjemera moti mzere umene ankawonjezera pansi pa makalata ako unasiya kuwerengeka. Koma zala zimene zinatayipa zaka makumi atatu mu ofesi sizingaiwale mabatani.

Imelo ndawatsegulira kale. Adiresi ndi mawu achinsinsi zili pa kapepala kamene ndamata kunsi kwa laputopu. Uwaphunzitse chonchi. Atsegule bulawuza, kachizindikiro kozungulira kali kumanzere. Pamwamba penipeni pali kampata koyera, kakatali ngati rula. Mmenemo ndi molemba adiresi ya kumene ukufuna kupita, ngati pa envelopu. Alembe adiresi, adine batani lalikulu la Enta, adikire. Imelo ikatseguka, ndiye alembe kalata. Tsiku lachiwiri sadzavutika, chifukwa kampatako kamakumbukira: ukangolemba chilembo choyamba kamakubweretsera zimene unalembapo kale.

Tchuthi changa chili mu Juni, ndipo fomu yake timasayina kumapeto kwa Epulo. Zaka zisanu zachuluka. Koma ndikufuna ndimve kwa eni ake kuti ndibwere. Ukukumbukira zimene ananena tsiku limene ndinkanyamuka, zoti ndasiya sukulu ya unamwino kuti ndikapinde nsalu za anthu, ndipo ndisayembekeze kalata yawo. Ku depoti sanabwere n'komwe. Mawu amodzi okha andikwanira.

Mchemwali wako


2 Febuluwale

Achemwali,

Moni wambiri. Ife tili bwino. Denga ndinakonza, likudontha pang'ono pokha. Mukamatumizanso katundu muikemo magalasi owotcherera, anga anang'aluka ndipo maso akumandiwawa madzulo.

Makina anafika. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali osawakhudza, kenako anakatenga nsalu yobiriwira imene ankafunditsira taipi yawo, makina akale otayipira aja, n'kuwafunditsa. Ali pa tebulo la pawindo, pamene pankakhala wailesi. Ndinawaphunzitsa Lamlungu. Sindinachedwe nawo chifukwa mwini geti limene ndinkawotcherera ankandidikira ku shedi, komanso amayi mukuwadziwa. Ndisanamalize anandikankha dzanja, amvekere, "Ndaona, ndilembe apo, ndidine apo. Usandiphunzitse kutayipa iwe, ndinayamba usanabadwe."

Tsopano ndikafika Lamlungu ndimamva ndili pa geti, thapa thapa thapa, msana uli chilili ngati abwana ali pambuyo pawo. Ndikangolowa amatseka chivindikiro. Akuti kalata ya mwini sawerenga, ndipo pa zaka zonse za mu ofesi palibe chinsinsi cha munthu chimene chinatulukira pa desiki yawo. Akuti akukulemberani m'mawa uliwonse akamaliza kusesa.

Chodandaula n'chimodzi. Akuti pepala la makina amenewa ndi lopapatiza, mzere umodzi basi, moti nkhani amachita kuidula. Ndinawauza kuti zinthu za masiku ano n'choncho.

Muwayankhe msanga, amandifunsa.

Mlongo wanu, Mzime


27 Febuluwale

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino. Magalasi ali m'kathumbaka.

Sindinalandire kalikonse. Foni timasiya m'kabati yokhoma tikamalowa ntchito, ndiye pa nthawi yopuma ndimathamanga kukaona. Mu imelo mumangobwera za masitolo otsatsa nsapato. Ine ndawalembera kawiri, zii.

Zoti pepala ndi lopapatiza sizinandidabwitse. Chilichonse chimene ndingawatumizire chimakhala ndi chilema. Juzi ija inali yoyabwa, ketulo inali yaphokoso, lero pepala lachepa. Ngati akulembadi m'mawa uliwonse, akulembera ndani? Mwina mpingo. Tenga kapepala kali kunsi kaja, utsegule imelo yawo pa foni yako, uone m'malo a makalata otumizidwa. Undiuze zimene upeze, osakometsera.

Mchemwali wako


24 Malichi

Achemwali,

Moni. Magalasi ndalandira, zikomo, akundikwana.

Ndinachita zimene munanena. Kapepala ndinakajambula amayi ali kubafa, ndipo ndinadzimva ngati wakuba. Ndinatsegulira ku shedi. M'malo a makalata otumizidwa mulibe ngakhale imodzi. Anu awiri ali m'malo a makalata olandira, osatsegulidwa.

Sindinawauze kuti ndalowa m'bokosi mwawo, akanandithamangitsa pakhomo. Ndinangowakuwira kukhutu kuti achemwali akuti sanalandire kanthu. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Ngati sakufuna kuyankha angonena, asanamizire makina." Kenako anandifunsa ngati ndadya.

Sindikudziwa kuti wonama ndani, kapena ngati mutu wawo wayamba kusokonezeka. Zina zonse amakumbukira bwinobwino, mpaka tsiku limene ndinabwereka sipanala ya aneba. Koma aonda. Diresi la maluwa lija likuwakhuthuka. Aneba akuti Lachitatu lililonse amatuluka m'mawa ndi kachikwama n'kubwera masana. Nditawafunsa anati ndi za akazi, ndipo mchemwali wako ndinamuuza kale. Ngati anakuuzanidi, mundiuzeko nane.

Mlongo wanu


14 Epulo

Achemwali,

Moni. Ndikulembanso musanayankhe, poti a dalaivala anyamuka mawa.

Lamlungu ndinapeza chipinda chanu chili chotsegula. Makatoni onse atulutsa, makatani achapa n'kusita, ndipo anandiuza kuti ndiwotcherere mwendo wa bedi lanu umene unathyoka. Ndinafunsa kuti kukubwera alendo? Anati, "Mwini wake akudziwa tsiku, ndinamulembera." Anagwira ntchito yonseyo akupumira pa mpando kawirikawiri, ndipo anakana kuti ndiwathandize kupachika makatani.

Ine si wodziwa kulankhula, koma ndikuona ngati akukudikirani. Fomu ija musayine.

Mzime


30 Epulo

Mzime,

Uli bwanji? Kalata yako ya mwezi uno sinafike. Ndamva kuti lole inafera pa malire ndipo akudikira chitsulo.

Za akazi zimene ukunenazo ine sanandiuze. Sanandiuze kalikonse. Makalata anga satsegula n'komwe, ndiye ndamva. Munthu wamkulu sangamukakamize.

Lero ndinali mu ofesi ya a kapitawo ndi fomu m'manja. Mnzanga amene timapinda naye nsalu, uja amagwira mbali inayo, mwana wake akukwatiwa mu Juni ndipo wakhala akundichonderera. Ndamupatsa tchuthi changa. Ine nditenga cha Disembala, kapena chaka chamawa. Ndinkaganiza kuti zindiwawa, koma ndinangosayina n'kubwerera ku makina ositira.

Uwauze mmene ungathere. Uwatengerenso ku sikelo ya pa famase, pogulitsira mankhwala paja, uone ngati aondadi kapena ndi diresi lakula.

Mchemwali wako


6 Julayi

Achemwali,

Moni. Pafoni paja sindinathe kunena zambiri, ndiye ndilembe.

Amayi anagwa pa 16 Juni akuthirira maluwa. Aneba ndi amene anandiitana. Kuchipatala namwino anatulutsa faelo yonenepa ndithu, n'kundifunsa kuti ndinu ndani wawo, bwanji sitinakuoneni chiyambire Febuluwale. Ndinangoima ndi ovolosi yanga ya mabowo. Inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anaipeza mochedwa. Anamwalira pa 19, dzuwa lili pamutu. Sanalankhule zambiri. Anangofunsa ngati ndafunditsa makina.

Mwambo wa maliro unayenda bwino. Anabwera anthu a mu ofesi yawo yakale anayi, mmodzi wa ndodo. Ambiri anafunsa za inu, ndinati ntchito. Mawa lake ndinapita ku shedi n'kumaliza mafelemu a mawindo a sukulu. Anthu akuti ndine wolimba mtima. Si kulimba, sindikumva kanthu basi. Ndimadya, ndimagona, ndimadzuka.

Zoti simubwera ndinawauza mu Meyi, kalata yanu itafika. Anagwedeza mutu, n'kupita kukatseka chitseko cha chipinda chanu. Bedi ndinali nditaliwotcherera kale.

Nyumba ndikugonamo ine tsopano. Mundiuze chochita ndi zovala.

Mlongo wanu


29 Julayi

Mzime,

Ndalandira. Uli bwanji, ukudya?

Kalata yako ya makatani ija inafika pa 22 Meyi. Ndinapita nayo kwa a kapitawo, anati ndandanda anatseka kale. Sindinakuuze chifukwa panalibe chonena. Tsiku la maliro ndinapinda nsalu mpaka belu. Mnzanga uja anabwera ndi zithunzi za ukwati, ndinaziona zonse, ndinati zakongola. Mpaka lero sindinalire, ndipo sindikudziwa ngati n'kulakwa.

Zovala upereke ku mpingo, undisungire nsalu yobiriwira yokha. Kuntchito kuno akufuna chikalata cha imfa kuti andilembe m'buku la ofedwa. Fomu yake imapezeka pa intaneti, ndipo pa foni imavuta kudzaza, ndiye ugwiritse laputopu ija. Adiresi ndalemba pansipa, ikuyamba ndi www. Uilembe m'kampata ka pamwamba ndendende mmene ndalemberamu, usasiye kadontho, ndipo usadine zinthu zina zimene zingabwere.

Ukamaliza ufufute zonse, uwapatse aphunzitsi a kuseri kwa nyumba aja, anaifunsapo. Sinagwire ntchito imene ndinaigulira.

Mchemwali wako


20 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Khalani pansi muwerenge bwino. Fomu sindinadzaze.

Loweruka masana ndinavundukula makina. Ndinatsegula bulawuza, ndinaika chala pa w kuti ndiyambe adiresi yanu ija. Nditangodina kamodzi, pansi pa kampata panatsika mndandanda. Mzere uliwonse ukuyamba ndi "Wokondedwa Chisamba". Palibe wina amene ankakuitanani choncho.

Amayi sananame. Ankalembadi m'mawa uliwonse. Ankalemba m'kampata ka adiresi momwemo, n'kudina Enta. Imelo sanaitsegulepo chiyambire tsiku limene ndinawaonetsa. Aphunzitsi aja andithandiza kupeza pamene makina amasunga zonse ndi masiku ake, ndipo iwo anatembenukira kukhoma kuti asawerenge. Ilipo mizere 131. Ndakopera ina ndi dzanja, yotsalayo ndikopera pang'onopang'ono. Sindinasinthe kalikonse.

27 Januwale. Wokondedwa Chisamba, makina afika, ndi abwino, mabatani ake ndi ofewa kuposa a ku ofesi. Amayi ako.

28 Januwale. Wokondedwa Chisamba, ndikadina batani lalikulu pamabwera zolemba zambiri za buluu, ndiye ndimadziwa kuti yapita.

5 Febuluwale. Wokondedwa Chisamba, juzi ija ndimavala, ndinangonena kuti ndi yoyabwa.

12 Febuluwale. Wokondedwa Chisamba, ndapita kuchipatala, ndikutaya magazi ngati mtsikana, usamuuze Mzime ndi mwamuna.

26 Febuluwale. Wokondedwa Chisamba, adokotala akuti ndi khansa ndipo yafalikira, iwe unaphunzirako unamwino undiuze ngati akunena zoona.

9 Malichi. Wokondedwa Chisamba, ku depoti ndinabwera, ndinaima kuseri kwa mabasi a kumpoto, unavala nsapato zofiira.

10 Malichi. Wokondedwa Chisamba, dzulo pepala linatha, ndimafuna kunena kuti mawu aja ndinalakwitsa, kupinda nsalu ndi ntchito.

25 Malichi. Wokondedwa Chisamba, Mzime akuti sukulandira, ine ndikudziwa wakwiya, uli ndi mtima wanga.

2 Epulo. Wokondedwa Chisamba, bwera mu Juni, Disembala adokotala sakulonjeza.

3 Epulo. Wokondedwa Chisamba, bwera mu Juni.

Mzere umenewu ulipo tsiku lililonse mpaka pa 30 Epulo, sindinaubwereze.

18 Meyi. Wokondedwa Chisamba, Mzime wandiuza. Ndamva. Uzivala zofunda kumeneko.

15 Juni. Wokondedwa Chisamba, palibe kanthu ngati suyankha, ine ndizilembabe, zala zimafuna ntchito.

Umenewo ndi womaliza.

Ndinayesa kudina umodzi kuti ndione zimene ankaona. Panabwera zolemba za buluu zija, zachingerezi, za zipatala za kutali ndi masitolo a majuzi. Amayi ankaona ngati ndi risiti.

Cholakwa ndi changa. Munalemba kuti imelo ikatseguka ndiye alembe kalata. Ine ndinalemba adiresi ndekha, mofulumira, iwo akuona zala zanga, ndipo zimene ndinanena pambuyo pake sanazimve ndi makutu aja. Sindinadikire kuti ayese ndikuona. Ndinathamangira geti la munthu. Getilo ndimalidutsa tsiku lililonse popita ku shedi, lili bwinobwino.

Aphunzitsi ndawauza kuti adikire kaye. Mundiuze ngati ndifufutebe.

Mlongo wanu, Mzime


15 Sepitembala

Mzime,

Ndalandira. Uli bwanji?

Usafufute. Aphunzitsi uwapepese. Usalembemonso kanthu m'makinamo, fomu ukadzazire kwina. Uziwatchaja Lamlungu lililonse, ndipo nsalu yobiriwira ija usanditumizire, ibwerere pamalo pake.

Za geti usiye. Ndatulutsa makalata ako onse m'sutikesi. M'kalata ya pa 2 Febuluwale unalemba bwinobwino kuti akudandaula mzere umodzi. Kampata kameneko ndinakafotokoza ndine, ndinati n'kakatali ngati rula. Ndinawerenga mawu ako ndili ndi yankho kale m'kamwa. Ndikanangokufunsa kuti mzere wake uli pati.

Nsapato zofiira zija ndikadali nazo. Zinatha kunsi.

Yotsalayo ukopere yonse, ngakhale ya pa Epulo yofananayo, uliwonse ndi tsiku lake. Usafulumire. Uziwapatsa a dalaivala pang'onopang'ono, kuti ndizilandira mwezi uliwonse.

Dzulo pa nthawi yopuma ndinatenga foni m'kabati, ndinakhala pa benchi ya pafupi ndi makina ochapira. Ndinatsegula bulawuza, ndinalemba m'kampata ka pamwamba kuti, Amayi ndalandira, ndibwera mu Juni. Ndinadina. Panabwera zolemba za buluu. Ndinaziyang'ana mpaka belu linalira, kenako ndinabwerera kukagwira mbali yanga ya nsalu.

Mchemwali wako, Chisamba